Wolakwa Amafwenthera

A Hieronim Sowa anawerenga mabuku khumi ndi asanu ndi anayi a Loya Gawron pamaikolofoni popanda wowadandaula, mpaka tsiku limene dalaivala wina wa lole wa ku Kalisz anatenga cholembera.

Kalata yake inapita kwa mwini mabukuwo, Mayi Regina Kulesza, ndipo Mayi Regina anabwera nayo okha kusitudiyo Lolemba m'mawa, chipewa chaubweya chili kumutu, nkhope ili ndwii. Sanavule n'chikhoti chomwe. Anaima pakati pa chipinda n'kuyamba kuwerenga mokweza ngati kalaliki wa khoti.

"'Mayi wolemekezeka, mabuku anu ndimawamvetsera ndikamayendetsa, amandithandiza kuti ndisasinze. Koma chonde auzeni bambo owerengawo asiye. Munthu aliyense amene wafwenthera asanalankhule, ameneyo ndiye wolakwa. Ine ndimakhala nditadziwa pofika mutu wachiwiri. Mkazi wanga amadziwa pamutu woyamba.'" Anapinda kalatayo kanayi. "Bambo Hieronim, mukutipo chiyani?"

"Ndikuti munthuyo aziyang'ana msewu," anatero a Hieronim.

Anayankha mwamatama, poti anali ndi chodzitamira. Anthu onse a mumzinda wa Poznań ankawadziwa mawu awo ngakhale nkhope yawo sankaidziwa. Mayi Regina ankatulutsa buku limodzi chaka chilichonse, nkhani za loya waulesi wokonda supu kuposa khoti, amene milandu yake yonse ankamupambanira ndi Kiszka, kagalu kake kakatali kamiyendo yaifupi. Buku likatuluka, a Hieronim ankaliwerenga katatu kunyumba, n'kumalemba mizere ndi mapensulo amitundumitundu, munthu aliyense mtundu wake, kenako n'kudzalowa m'kachipinda kojambulira mawu. Jaji ankamupatsa mawu a m'mimba, Loya Gawron mawu a munthu wokhuta. Ngakhale kuuwa kwa Kiszka ankauwa okha, ndipo ankauwa bwino zedi moti agalu enieni ankayankha m'magalimoto mwa anthu.

"Jadwiga," anatero Mayi Regina, "taikani tiwamve."

Jadwiga Mróz, mayi wojambula mawu amene anakhala kuseri kwa galasi zaka zonsezo, sanafune n'komwe kufunsa kuti aike pati. Anali atakonzeratu, wachiwembu ameneyu! Anadina batani. Buku lachinayi, wogulitsa mankhwala uja: fwe! kenako "Ine, bwana jaji, sindinatuluke m'nyumba." Buku lachisanu ndi chiwiri, woliza belu la tchalitchi: fwe! Buku la khumi ndi chimodzi, mayi wosoka madiresi aukwati, munthu wamkazi ndithu, nayenso fwe!

Pansi pa tebulo panamveka kulira kwa ukali. Anali Gucio, galu wa a Hieronim, nkhalamba yaimvi kukamwa imene inkagona pamapazi awo nthawi zonse akamajambula. Anali atadzutsa makutu, mano ali pamtunda.

"Mwamuona?" anatero Jadwiga, akuseka mpaka mahedifoni kugwa. "Ngakhale galu akumudziwa. Amenewa ndi alamu anu a Waldek, Bambo Hieronim. Ine ndinadziwa kalekale, kungoti ndinkaona ngati mukuchita dala."

A Hieronim anakhala pansi pang'onopang'ono. Manyazi anawagwira mpaka kumakutu. Zoonadi anali Waldek, mchimwene wa malemu akazi awo, munthu wofwenthera asanatsegule pakamwa, amene paukwati wawo anaimirira n'kuuza anthu onse kuti mlongo wake wakwatiwa ndi bambo wosewera ndi zidole. Inde, nthawi imeneyo a Hieronim ankagwira ntchito m'bwalo la zisudzo za zidole, koma kodi zinali zoti n'kunenera paukwati? Waldek yemweyo anabweza galimoto pamatimati awo kudimba kawiri, n'kupondanso mchira wa Gucio pa Khirisimasi osapepesa. Ndiye kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, a Hieronim akangodziwa kuti wolakwa m'bukumu ndi uyu, mphuno yawo inkamuweruza yokha iwo osadziwa.

"Ine ndimatha miyezi isanu ndi itatu ndikubisa chigawenga," anatero Mayi Regina, "inu mumachiulula ndi mamina. Osindikiza apeza mnyamata wa pawailesi yakanema ku Warsaw, mano oyera, mphuno youma. Akuti buku la makumi awiri awerenge iyeyo."

Apa a Hieronim anachita mantha, ndipo sichinali chifukwa cha ntchito chabe ayi. M'mabuku onsewo munali Mayi Felicja, mayi woyandikana nyumba ndi Loya Gawron, amene ankabweretsera loyayo supu ya nkhaka ndi kumudzudzula za masokosi. Pamene ankajambula buku loyamba, a Hieronim anamupatsa mawu a akazi awo, Lucyna, mongosereula. Lucyna atamva anawagenda ndi nsanza yopukutira mbale, koma anaseka mpaka misozi. Tsopano panali patapita zaka zisanu ndi chimodzi chimwalirire Lucyna. Kunyumba a Hieronim anayesapo kulankhula ngati iye, kukhitchini, kubafa, koma mawuwo sankabwera. Ankabwera m'kachipinda komweko basi, pepala lili patsogolo, Mayi Felicja akamati "Mwadya, bambo inu?" Ndipo akangobwera, Gucio ankamenya mchira pamwendo wa tebulo, phaphapha, moti Jadwiga ankatha masana onse akudula phokosolo. Kupereka mabukuwo kwa mnyamata wa ku Warsaw kunali kuika Lucyna m'manda kachiwiri.

Izi sananene. Anangoti, "Mayi Regina, mundiyese kamodzi kokha."

Mayi Regina anawayang'ana. Anali mayi wamng'ono thupi, wa zaka makumi asanu ndi awiri, amene anagwira ntchito yolemba za m'khoti zaka makumi atatu, ndipo chifundo chake ankachisunga patali ngati mbale za alendo.

"Kamodzi," anatero. "Koma buku simuliona. Ndizibwera nalo ine m'chikwama, ndizikupatsani mutu umodzi umodzi, pompano, muziwerenga osadziwa chakutsogolo. Mukafwenthera, tibwereza. Mukakanika kufika kumapeto, ndiimbira ku Warsaw."

"Popanda mapensulo?"

"Mapensulo mukajambulire adzukulu."

Anayamba Lachitatu. A Hieronim anafika ndi fulasiki ya tiyi wa mandimu ndi apulo wobiriwira woletsa milomo kumata, koma m'manja munali mopepuka modabwitsa, ngati atuluka m'nyumba osavala buluku. Mayi Regina anakhala pambali pa Jadwiga, chikwama chili pamiyendo, manja onse awiri pamwamba pake. Anatulutsa mapepala khumi ndi awiri n'kuwalowetsa kunsi kwa chitseko.

Mlandu wa ulendo uno unali wa bambo wina dzina lake Zawada, woweta agalu ogulitsa, wankhanza, wosunga agalu makumi anayi m'makola opanda denga nthawi yachisanu. Tsiku lina anapezeka ali gada pabwalo pake, atakomoka, mutu uli chotupa, pambali pake botolo la nkhaka zowawasa litasweka, makola onse ali pululu. Apolisi anagwira wotumiza makalata, ndipo Loya Gawron, atadandaula kuti supu yake ikuzizira, anavomera kumuimira.

Mutu woyamba unayenda bwino. Pamutu wachiwiri panalowa dokotala wa ziweto wovala nsapato zonyezimira. A Hieronim anangomuona m'maganizo, n'kuti mumtima, iwe ndiye ndakugwira.

"Ine bambo Zawada ndinawaona komaliza Lachinayi," anawerenga.

Grrr, anatero Gucio pansi pa tebulo.

"Imani," anatero Jadwiga m'mahedifoni. "Mwafwenthera."

"Sindinafwenthere!"

"Galu akuti mwafwenthera."

"Galuyu ali ndi zaka khumi ndi zitatu, samva bwino."

"Mukutsutsana ndi mboni, Bambo Hieronim?" anafunsa Mayi Regina. "Bwerezani."

Kuyambira pamenepo Jadwiga anasiya kudalira makutu ake. Ankangoyang'ana pansi pa tebulo. Gucio akalira, batani, kubwereza. Ndipo analira, galu wa anthu! Analirira dokotala wa ziweto kanayi. Analirira mkazi wa Zawada, amene sanagwetse msozi kuchipatala. Analirira wansembe. Lachisanu analirira ngakhale jaji, pamene a Hieronim, atasokonezeka mutu, anaganiza kuti mwina ulendo uno Mayi Regina apenga.

"Tsopano mwafika pokayikira khoti lenilenilo?" anatero Mayi Regina. "Patsala Kiszka yekha."

"Kiszkayo anali kuti Lachinayi madzulo?" anayankha a Hieronim, akupukuta thukuta.

Panthawi yopuma anayesa katangale. Anagula makeke awiri a njere za popi pakona ya msewu, n'kumupeza Jadwiga akusuta panja, kolala ya jekete ili m'makutu.

"Mayi Jadwiga, inu ndi ine tachokera kutali."

"Ikani kekeyo apa, koma sindikudziwa kanthu. Chikwamacho amapita nacho mpaka kuchimbudzi."

"Simunasuzumireko ngakhale pang'ono?"

"Ndinasuzumira. Muli maswiti a chifuwa ndi sikuludalaiva." Analuma keke. "Koma ndikuuzeni zoona? Simunawerengepo bwino chonchi. Mukumveka ngati munthu amene akufunadi kudziwa."

A Hieronim anabwerera mkati akung'ung'udza, koma mawuwo anawakomera. Ndipo panalinso china chowatonthoza. M'buku limeneli Mayi Felicja ankapezeka pafupipafupi kuposa kale. Mutu wachitatu anabwera ndi supu. Mutu wachisanu ndi chimodzi anamukalipira loya chifukwa chopita kukhoti ndi masokosi osiyana. Mutu wachisanu ndi chinayi anadandaula kuti nyama yakwera mtengo, n'kugula mafupa thumba lathunthu. Paliponse pamene analowa, phewa la a Hieronim linkatsika, mawu a Lucyna n'kutuluka okha, otsetsereka, okhala ngati akuseka chinachake chimene sanakuuze. Mchira wa Gucio unkagunda tebulo, Jadwiga n'kumalemba papepala malo oti adzadule.

"Mayi Felicja mwawapatsa malo ambiri chaka chino," anatero a Hieronim tsiku lina akumanga sikafu. "Mwachita bwino."

"Mm," anatero Mayi Regina, akutseka chikwama.

Sabata yachiwiri, Lachinayi, kunja kukugwa chipale chofewa choyamba, anafika pamutu wa makumi awiri ndi chiwiri. A Hieronim anali atatha masiku awiri athunthu osafwenthera, makamaka chifukwa anali atatopa kukayikira anthu. Onse anali atawakayikira, onse anali atawamasula. Analuma apulo, n'kukonza mapepala, n'kuyamba.

Khoti linali lodzaza. Loya Gawron anali atagona pampando monga mwa nthawi zonse. Kiszka, amene jaji ankamulola kulowa chifukwa chotopa kumuthamangitsa, anatsika pamiyendo ya mbuye wake, n'kudutsa dokotala wa ziweto, n'kudutsa mkazi wa Zawada, n'kukaima kumbuyo kwenikweni pamene panakhala mayi wina ndi dengu lake. Ananunkhiza dengulo. Anakokamo kolala yachikopa yolembedwa nambala ya khola.

A Hieronim anatembenuza pepala. Anaona dzina limene linali pamwamba pa mzere wotsatira, n'kusiya kuwerenga.

Nyali yofiira yosonyeza kuti akujambula inali chiyakire. Kuseri kwa galasi Jadwiga anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Ayi," anatero a Hieronim.

"Werengani," anatero Mayi Regina.

"Ayi, mayi. Ndikukana. Mayi Felicja? Munthu wophikira anthu supu zaka makumi awiri? Umboni wake uli kuti?"

"Botolo la nkhaka, mutu woyamba. Mafupa thumba lathunthu, mutu wachisanu ndi chinayi. Munkaganiza kuti akudya okha? Agalu makumi anayi ali m'chipinda chapansi kwa mchemwali wawo. Munawerenga nokha zonsezi, ndi mawu okoma kwambiri."

A Hieronim anavula mahedifoni n'kutuluka m'kachipindako, mapepala ali m'manja. Analunjika kwa Mayi Regina mokwiya. "Mlanduwu mupatseni dokotala uja! Nsapato zake zokha ndi mlandu. Musinthe, mayi, ndi masamba atatu okha."

"Buku lili kale kosindikiza."

"Ndiye adzamangidwa?"

"Anaswa mutu wa munthu, Bambo Hieronim. Ine ndinakhala m'khoti zaka makumi atatu, sindinamize anthu. Zaka ziwiri."

Zaka ziwiri. Mabuku awiri opanda supu, opanda "Mwadya, bambo inu?" A Hieronim anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zinayi, ndipo dokotala wawo wa mtima sankakonda kulonjeza zinthu. Anayang'ana Gucio, amene anali atatuluka naye n'kukhala pansi movutikira, miyendo yakumbuyo ili cham'mbali. Kwa galu ameneyu zaka ziwiri zinali zambiri kuposa kwa iwo. Chisoni chinawagwira chenicheni, chija cha kuchipatala tsiku limene Lucyna anamwalira, ndipo anachita manyazi kuti chawapeza pamaso pa akazi awiri chifukwa cha munthu wa papepala.

"Mukadadziwa poyamba mukadatani?" anafunsa Mayi Regina, mawu atatsika pang'ono. "Mukadawapatsa mphuno ya Waldek?"

"Mulungu andikhululukire, ayi."

"Mukadawawerenga mwachisoni kuyambira tsamba loyamba, ndipo mkazi wa dalaivala uja akadadziwa asanamalize kusenda mbatata. Nambala ya telefoni ya ku Warsaw ndili nayo m'chikwamamu. Mnyamatayo awerenga mawu amenewa mawa lomwe ngati mukufuna. Adzawawerenga bwinobwino, ngati akulengeza zanyengo."

Zimenezo ndiye ayi. Mano oyera aja alankhule m'malo mwa Lucyna pa tsiku lake lovuta? A Hieronim anamwa tiyi wozizira wa m'kapu ya Jadwiga osapempha, n'kubwerera mkati. Gucio anawatsatira n'kudzigwetsa pamapazi awo.

"Tikujambula," anatero Jadwiga chapansipansi.

"'Khalani pansi, bambo inu, musadzivute,'" anawerenga a Hieronim, ndipo mawu anabwera, onse, athunthu, ndi kakuseka kawo kaja. "'Ndine ndinamumenya. Ndinapita kukamupempha mwaulemu kuti aike denga pamakola, ndinamutengera ndi nkhaka zomwe. Iye anaseka, n'kumenya kagalu kena ndi nsapato ine ndikuona. Ndiye botolo linali m'manja. Bwana jaji, ndikupepesa chifukwa cha wamakalatayu, sanalakwe kanthu. Ndikupepesanso chifukwa cha nkhaka, zinali zabwino.'"

Pha, pha, pha, unkatero mchira pamwendo wa tebulo.

Anawerenga mpaka kumapeto osaima. Loya Gawron anadzuka tulo koyamba m'mabuku makumi awiri n'kulankhula ola lathunthu, koma jaji anagamula zaka ziwiri ndithu. Potuluka m'khoti, Mayi Felicja anatembenuka pakhomo n'kuuza loyayo kuti supu ili mufiriji, aitenthetse pamoto wochepa, ndipo asaiwale kuti Kiszka sadya anyezi. Pamenepo mawu a a Hieronim anathyoka pakati, mphuno inadzaza, ndipo anafwenthera kwambiri, fwe! pamaikolofoni penipeni.

Onse atatu anayang'ana pansi pa tebulo. Gucio sanalire. Anangoika chibwano pansapato ya mbuye wake.

"Mboni yakhala chete," anatero Jadwiga, akusakasaka kansalu m'thumba. "Ndidule?"

"Musiye," anatero Mayi Regina. "Mchiranso musiye."

Anatuluka cha m'ma folo, chipale chitayamba kumata pamagalimoto. Jadwiga anatsala akusunga zojambulazo. Mayi Regina ankayenda pambali pa a Hieronim kulowera koimira tiramu, sitima ya mumsewu, chikwama chopanda kanthu chili m'khwapa, ndipo anayenda mtunda ndithu akudikira Gucio pamtengo uliwonse.

"Ku Warsaw sindiimbako," anatero Mayi Regina.

"Zikomo, mayi." Anayankha mwaulemu, koma mopanda chimwemwe. Ntchito anali ataipulumutsa, chimene ankaifunira chili m'ndende.

"Malemu akazi anu ndinakumana nawo kamodzi, paphwando la buku lachitatu. Anandifunsa ngati ndadya." Mayi Regina anakonza chipewa chawo, maso ali kumsewu. "Mukuganiza kuti ndine wogontha? Buku loyamba Felicja anali ndi mizere isanu ndi umodzi yokha. Amene anamukulitsa ndinu."

Tiramu inaonekera pakona, nyali zake zili psuu m'chipalemo.

"Kundende amalola makalata," anapitiriza Mayi Regina, ngati akunena za mtengo wa kabichi. "Mayi ngati ameneyo sangakhale sabata osalembera loya wake za masokosi. Ndipo kalata, mmene ndikudziwira ine, imawerengedwa ndi mawu a mwini wake."

Zitseko za tiramu zinatseguka. A Hieronim anawerama, n'kunyamula Gucio m'manja poti masitepe anali atayamba kumukanika, n'kuima phazi limodzi lili mkati.

"Mayi Regina," anatero, "azilemba aataliatali."